Mdzukulu wa a Nabanda akutuma mbala

Lamulungu lapitali titangotuluka mu Misa, a Nabanda, anansi anga, anandikoka dzanja. "A Naphiri, tiyeni mukamuone Lusiya, wabwera!" Mawu okwezawo ngati ine ndine gonthi. Ankafuna tchalitchi chonse chimve.

Lusiya ndi mdzukulu wawo amene anapita kukaphunzira kunja. Ndinapita ndithu, kukaona ngati nzoona.

"Iwe, kumeneko umagwira ntchito yanji?" ndinamufunsa.

"Agogo, timatenga kachilombo kaja amati virusi, timakachotsa ululu, n'kukatuma kukalimbana ndi khansa."

"Matenda kuthira pa matenda?"

Anaseka. "Ndani amadziwa kulowa m'nyumba yotseka kuposa mbala, agogo? Thupi lathuli lili ndi tizipinda ting'onoting'ono, ndipo kachilombo kamadziwa polowera. Ife timakalanda mpeni n'kukapatsa kalata. Kalatayo timaimanga mwakuti ikatsegukire m'chipinda chodwala chokha. M'zipinda zabwinobwino ingokhala duu."

"Nanga ikakatsegukira kolakwika?"

"Ntchito yanga ndi imeneyotu. Zaka zikutha tikuyesera pa mbewa. Yathuyi sinafike pa munthu."

Pa mbewa! Ife kuno tikuzikumba n'kuzifutsa, kwinako zikuonana ndi adotolo.

A Nabanda ankangogwedeza mutu ngati akumva. Munthu woti ngakhale telefoni yawo amachita kuwayankhira ena! Ine mtima unkangowawa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Lusiya ameneyu ankakhala benchi limodzi ndi mdzukulu wanga Filomena pa shikola ya ku Nsadzo. Pa masamu Filomena ndiye anali patsogolo, funsani aliyense. Itafika nthawi yokapitiriza maphunziro ku Chifunde, ine ndinakana. Aprofesori, aphunzitsi akumenekowo, sindiwadziwa. Anyamata a mota, njinga zamoto zija, ndimawadziwa bwino kwambiri. Ndinatseka chitseko. A Nabanda, osaganiza n'komwe, anangomumangira mwana kathumba.

Lero Filomena akugulitsa tomato ku Cassacatiza. Ndinamusunga bwino, choipa sichinamulowere. Koma chabwino nacho chikanadzera pati?

Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene ananena zimenezo sanakhalepo pakhonde pa a Nabanda akumva mdzukulu wa eni akufotokoza za virusi.

Tilipo angati m'midzi muno, ife oona zoopsa zisanabwere? Sitinama, zoopsazo zilipodi. Koma taonani, anzathu apeza chinthu chimene sichiyenera kukhulupiriridwa ngakhale pang'ono, ndipo sanachithawe. Achigwira, achilanda mpeni, akuchiyang'anitsitsa chaka ndi chaka. Kodi kusakhulupirira kwawoko sikuposa kwangaku? Kwanga kunangobala chitseko.

Tsopano Rozita, mng'ono wake wa Filomena, nayenso wakhoza mayeso. Ndinali nditamuuza kale kuti ku Chifunde sapita. Sabata ziwiri wakhala akundipatsa madzi osandiyang'ana kumaso.

Lolemba ndinakwera mota, n'kumuuza mnyamata woyendetsayo kuti amayi ake ndimawadziwa. Ku Chifunde ndapeza chipinda kwa mayi wina wamasiye wa kutchalitchi. Mpiringidzo ndauyesa ndekha, kawiri. Anansi ake ndawafunsa payekhapayekha. Mayiyo sindikumukhulupirira, ndipo ndamuuza kuti ndizifika osanena tsiku.

Rozita akupita.

Musati nkhalambayi yafewa mtima, ayi. Ndi nsanje basi. Tsiku lina pakhomo la tchalitchi ndine ndidzawakoke dzanja a Nabanda, ndipo mawu anga adzamveka mpaka ku Cassacatiza.