Kansanza m'Paipi ya Dizilo

Ndiulule lero: pampu ya thirakitala ya Che Amidu ku Mposa sinafe ayi. Nditatsuka manozo opopera dizilo, injini inakaniratu kulira, mvula itagwa kale, munda ukudikira. Posowa chonena, ndinanamizira pampu.

Lachisanu iwo atapita ku mzikiti, ndinamasula paipi n'kupezamo kansanza kamene ndinatsekera ndekha poopa fumbi. Ndinakabisa m'thumba, n'kutulutsa mpweya m'mapaipi. Pobwera anapeza thirakitala ikubangula, utsi uli tolotolo.

"Amakaniko, pampu yakufa ija mwaidzutsa bwanji?"

"Ndi ntchito yathu imeneyi," ndinatero, dzanja lili pathumba.

Tsiku lomwelo inalima munda wonse. Mpaka pano Che Amidu amanditchula wodzutsa mapampu, ndipo kansanza kaja ndimapukutira m'manja.