Tsiku Limene Seva Inatchula ba Banda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'minibasi, m'chaka cha 1998. Ndinali kubwerera kwathu ku Mpanshya nditamaliza kosi ya makompyuta ku Lusaka, satifiketi ili m'chikwama koma kolowera kulibe. Pambali panga panakhala mayi wina atafukata sikirini ya kompyuta yokulunga m'chitenje. Titapitirira Chongwe ndinawapempha kuti aitembenuze galasi liyang'ane kwa iwo, chifukwa mpini wa khasu la bambo wa kutsogolo unali kuligogoda.

"Iwe uzidziwa izi?" anandifunsa.

Ndinati ndidziwako pang'ono. Pofika pa Chinyunyu anati nditsike nawo.

Anali ba Lungu, oyang'anira malo ena ophunzitsira alimi pafupi ndi msewu waukulu. Mu ofesi munali seva imodzi, kompyuta yaikulu yosunga zonse, pansi pa tebulo, masikirini atatu olumikizidwa kwa iyo, modemu, ndi foni ya wailesi ya mlongoti wake padenga. Magetsi anali a sola. Aliyense wa ife anali ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi. Ine ndinkapukuta fumbi, kuthira madzi m'mabatire, ndi kuphunzitsa akuluakulu kulemba pa kiyibodi. Wovuta kuphunzitsa anali ba Banda, mlangizi wa zaulimi wa imvi zake, amene ankalemba ndi chala chimodzi uku akuitana chilembo chilichonse mokweza.

Mbewu ndi lole tinkaitanitsa pa kompyuta ya kulikulu ku Lusaka, ndipo kumeneko tonse tinkalowa ndi dzina limodzi la ofesi. Vuto linali lakuti tikangolumikiza, makina a kumeneko ankayamba afunsa seva yathu kuti mwini wake wa kulumikizanaku ndani. Yathu inkangokhala duu. Iwo ankadikira ndithu asanatilole kulowa, ndipo foni yathu inali yosachedwa kuduka.

Ba Mwanza, katswiri wa kulikulu, ananditumizira pa disiketi pulogalamu yoyankha funso limeneli, yotchedwa identd, nandilangiza pafoni. Ndinaiika mu seva, ndinatsegula fayilo ya inetd.conf, ndinapeza mzere woyamba ndi mawu oti auth, n'kuchotsa kachizindikiro kamene kanautseka. Ulendo woyamba sizinayende, chifukwa ndinalemba molakwa pamene pulogalamuyo inali. Nditakonza, ndinauza seva kuti iwerengenso fayiloyo. Kenaka ndinayesa: ndinagogoda pa khomo nambala 113, pamene mafunso otere amafikira, n'kulemba manambala awiri a kulumikizana kwanga. Inayankha kuti esinati, dzina langa lolowera. Ndinakuwa ngati ndaona m'bale wanga pa siteshoni.

"Manje seva yanu yaphunzira ulemu," anatero ba Mwanza. "Ikafunsidwa iyankha."

Kudikira kuja kunatha, ndipo kulikulu anayamba kusunga dzina la aliyense wolumikiza.

Tsiku lovuta linali Lachinayi lina mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Alimi anadzaza pabwalo ndi ngolo ndi njinga kudzalandira mbewu ya chimanga. Dzuwa linafika pamutu lole isanaoneke. Ba Lungu anaimba ku Lusaka, ndipo anawauza kuti loleyo inaletsedwa Lachisanu lapitalo nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, ndipo dzina limene seva yathu inapereka linali banda.

Ba Lungu anayaka moto. Iwo anali atasuntha lole kuchoka Lachiwiri kupita Lachinayi ndi manja awo, ndiye anaganiza kuti ba Banda anabwera pambuyo n'kufafaniza. Chinawonjezera ndi chakuti ba Banda anali atadandaulapo kuti mbewu imeneyo siigwirizana ndi dothi lathu.

"Amai, ine?" anatero ba Banda atavula chipewa. "Ine ngakhale dzina langa ndichita kulifunafuna pa makina aja."

"Makina sanama. Esinati, lemba kalata yowaimitsa ntchito."

Ndinapempha theka la ola. Ndinatsegula mndandanda umene seva imasunga wa amene analowa ndi kutuluka. Unaonetsa kuti Lachisanu lija ba Banda analowa 8 koloko pa sikirini ya pawindo, ndipo sanatulukemo mpaka madzulo pamene ine ndinazimitsa makina. Koma Lachisanu limenelo ndinali kulikumbukira bwino. Ba Banda ananyamuka m'mawa kupita ku msonkhano wa dibi la ng'ombe, ndipo ndine ndinawagwirira njinga pamene ankapopa tayala. Ndinaimbira ba Mwanza kuti ayang'anenso kwawo. Anati panali kuletsa kumodzi kokha, kwa lole ya Lachiwiri, kenaka foni inaduka ya Lachinayi isanasungidwe.

Apo ndinakumbukira amene anakhala pawindo m'mawa uja, ati pakuwomba kamphepo.

Ndinali nditagwira ntchito miyezi itatu yokha. Ndinaima pakhomo la ofesi ya ba Lungu ndikuganiza za amai anga ku Mpanshya, amene anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi wa makompyuta. Ndinalowa, ndinatseka chitseko, n'kuika pepala la mndandanda uja patebulo.

"Ba Lungu, Lachisanu munakhala pa sikirini iti?"

"Ya pawindo. Chifukwa?"

"Munalowa ndi dzina lanu?"

"Ndinapeza ili kale yotsegu..."

Anawerenga pepala lija. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za minibasi yobwerera kwathu. Kenaka anagwira pamutu n'kuyamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wadziponda yekha.

"Ndiye kuti wakuba ndamufunafuna nthawi yonseyi ali mu nsapato zanga! Itana ba Banda."

Sanawadikire n'komwe. Anatuluka okha pabwalo, ndipo pamaso pa alimi onse anati cholakwa ndi chawo, napepesa ba Banda mowomba m'manja. Alimi anang'ung'udza, ena anaseka, mmodzi anafunsa ngati kompyutayo ingabzale chimanga. Ba Mwanza anathamangathamanga kulikulu, lole inafika Loweruka m'mawa, ndipo anthu anabzala chinyezi chisanathe.

Ba Banda anabwera kwa ine atanyamula mango m'chipewa. Anati, "Mwana wanga, ndiphunzitse potulukira. Polowera ndapadziwa, pandipweteketsa." Tsiku lomwelo ndinakonza seva kuti munthu akasiya sikirini mphindi khumi osaigwira, izimutulutsa yokha. Sabata yoyamba onse ananditukwana nazo, ba Lungu patsogolo.

Ndagwira m'maofesi ambiri kuchokera pamenepo, pa makina akuluakulu kuposa aja. Koma mpaka lero wina akandibweretsera dzina lotuluka mu kompyuta nati wolakwa ndi uyu, sindifulumira. Seva imadziwa dzina limene linatsegula, siidziwa manja amene analemba. Ndimayamba ndafunsa kuti pampando panakhala ndani.