Duwa la Kachewere pa Zikhadabo za Asisi Rozaliya

Ndikukumbukira Khirisimasi ya chaka chomwe ndinali mu Sitandade 5, kwathu ku Bembeke, mvula itagwa sabata yathunthu osakata. Tinali pa kalikiliki wopalira chimanga, ndipo dothi la kwathu likalowa m'zikhadabo silituluka msanga. Ukasamba m'manja ndi madzi ozizira a m'mawa, khungu linkang'ambika m'mbali mwa zala n'kumawawa ngati wapakapo tsabola.

Asisi anga a Rozaliya anali pa chibwenzi ndi a Fulujensiyo, kalipentala wa pa Linthipe, ndipo nkhani inali itafika kale kwa akuluakulu. Chinatsala n'chakuti azakhali a mwamunayo, mayi wa ku Kaphuka amene ankamveka kuti sachedwa kupeza chilema pa munthu, abwere ku Misa ya Khirisimasi adzadzionere okha mtsikanayo. Iwowo akakana, ukwati panalibe. Ndiye tikaweruka kumunda, asisi ankangotembenuza manja awo n'kumadandaula kuti akuoneka ngati a munthu woumba njerwa. Kyutekisi, penti uja wa zikhadabo, kwathu anali woletsedwa. Amayi ankati ndi wa atsikana opanda munda.

Kutatsala masiku atatu, ndinaperekeza amayi ku msika wa Linthipe kukagulitsa kabichi. Pafupi ndi pomwe tinayala panali mayi wina wachisilamu wogulitsa zitenje, anthu ankawatchula kuti Abiti Saidi. Zikhadabo zawo zinali zofiirira ngati khungu la mango okupsa, koma sizinkanyezimira ngati penti. Ndinaziyang'ana mpaka anandigwira.

"Mwana iwe, ukufuna chitenje kapena zala zanga?"

Ndinaloza zala. Anaseka, napisa m'chikwama n'kundikulungira m'kanyuzipepala ufa wobiriwira, wonunkhira ngati udzu wouma.

"Dzina lake ndi hina. Ukasakanize ndi tiyi wopanda shuga, ukafinyiremo ndimu. Koma udziwe, imakhalitsa."

Apa ndiulule kulakwa kwanga. Mawu akuti imakhalitsa ndinali nditawamva m'mawa wonse kuchokera pakamwa pomwepo. Nsalu iliyonse imene munthu wagwira, Abiti Saidi ankati imakhalitsa. Ine ndinangoti ndi kayankhulidwe ka malonda, ndipo nditafika kunyumba ndinalumbira kwa asisi kuti zimachoka ndi sopo.

Tinapangana chonchi: a Fulujensiyo adzadutsa pa msewu masana a pa 24 kudzasiya kamphatso, asisi awaonetse manja, kenako tifafanize amayi asanaone. Tinabisala kuseri kwa nkhokwe, ine ndi kamtengo ka machesi kamene ndinasongola pa mwala. Ndinayamba ndi mtima pa chala chachikulu, monga ndinkaonera m'makalata omwe anyamata ankalembera atsikana kusukulu. Unatuluka wotupa mbali imodzi, kachewere weniweni.

"Ngati mtima wako uli chonchi, Tadala, usadzakwatiwe," anatero asisi.

Zinandipsetsa mtima, komabe zinandipatsa nzeru. Ngati dzanja langa likudziwa kachewere, ndiye lijambule duwa lake. Pa zikhadabo zotsalazo ndinaika timadontho tisanu mozungulira, n'kamodzi pakati, monga duwa lija limaonekera m'dimba likangomasula. Asisi anakhala ola lathunthu atatambasula zala ngati akuwotha moto, ntchentche zikuwatera pamphuno osaziingitsa. Phalalo litauma n'kulikokota, pansi pake panatsala timaluwa tofiirira, tisanu ndi tinayi, ndi kachewere mmodzi.

A Fulujensiyo anali munthu wamanyazi. Ine ndinali nditaima potero kulondera, ndipo ndinawaona akuwerama n'kumayang'ana zalazo nthawi yaitali.

"Anayeza ndani? Zonsetu zafanana," anatero.

Mawu achikondi amene kalipentala uja anakwanitsa ndi omwewo, koma asisi anabwerera kunyumba akuyenda ngati pansi pali mazira.

Kenako tinatenga sopo. Tinatenga phulusa, mchenga, chitsononkho, mpaka palafini wa m'nyali. Zala zinafiira, zinatupa, koma maluwa anali phee. Kutacha anali atada kwambiri, ngati njerwa yootcha. Tsono tsiku limenelo asisi ndi amene anasankhidwa kunyamula dengu la zopereka, kuyenda pakati pa tchalitchi manja ali poyera. M'mudzi mwathu manja otere tinkawaona kwa amayi achisilamu a kumsewu okha, makamaka akwatibwi. Anthu akanati Rozaliya ali ndi mwamuna wina kumsewu, ndipo nkhani imene azakhali aja akanabwerera nayo ku Kaphuka ndi imeneyo. Asisi ankalira mwakachetechete.

Amayi anazindikira asisi akumanga duku. Anawagwira dzanja, nalitengera pakhomo pomwe pali kuwala. Ndinafotokoza zonse osafunsidwa, mamina ali chuchuchu. Asisi anati avala juzi ya manja aatali, kapena anamizire malungo.

"Ukawabisa, anthu aganiza kuti pali chobisa," anatero amayi. "Ukanyamule dengu lako bwinobwino. Iwe Tadala, zako tikambirana Misa ikatha."

M'tchalitchi munali fungo la lubani ndi zovala zonyowa. Asisi anayenda pang'onopang'ono motsatira ng'oma, dengu la mazira ndi nyemba lili m'manja, ndipo ndinaona mitu ya azimayi ikupendekera kwa anzawo, benchi ndi benchi. Sindikumbukira ulaliki wa tsiku limenelo.

Titatuluka, azakhali aja anali ataima pansi pa mtengo wa mkungudza, mayi wamfupi wovala magalasi ndi shawelo yakuda. Asisi anagwada kupereka moni. Azakhaliwo sanalisiye dzanjalo. Analitembenuza, nasisita chikhatho ndi chala chawo, pomwe mpini wa khasu unaumitsa khungu.

"Manja awa amalima," anatero. Kenako analitembenuzanso, nakweza magalasi. "Nanga izi walemba ndani?"

Palibe amene anandiloza. Ndikanatha kukhala chete kuseri kwa chitenje cha amayi. Koma ndinatuluka, n'kugwada m'matope momwemo, ndi diresi langa la Khirisimasi.

"Ndine, amayi. Asisi sanadziwe kuti sizichoka."

Anandiyang'ana, nayang'ananso zikhadabo. "Ili si duwa la kachewere ili?"

Abale, pa zonse zimene anthu andiuzapo m'moyo, palibe mawu anandikweza ngati amenewo. Munthu wachilendo, woopedwa, anazindikira chimene ndinajambula popanda womuuza. Analoza chala chachikulu n'kunena kuti, "Ndipo uyu ndi mwini duwa." Azimayi amene ankanong'onezana aja anaseka nawo, ena n'kuyandikira kuti aone.

Zokambirana zathu ndi amayi zinathera pa kutunga madzi ndekha sabata yonse. Koma ufa wotsala sanautaye. Azakhali aja atabwera kunyumba kudzamwa thobwa, anatambasula dzanja kuti ndiwapake chala chachikulu chokha, popanda maluwa, ati iwo si mtsikana. Msuweni wathu wina anafuna zala zonse khumi zofiira. Amayi anakana mpaka pa Chaka Chatsopano, pomwe anandipatsa kachala kakang'ono ka kumanzere, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinaphunzira pamenepo kuti dzanja lililonse limafuna zake. Maluwa a asisi ankakwera pang'onopang'ono ndi zikhadabo, iwo n'kumawenga monyinyirika, ndipo kadontho kotsiriza kanachoka chimanga chitayamba kuuma, akuluakulu atatchula kale tsiku la chinkhoswe.

Lero ndili ndi satifiketi ya zokongoletsa anthu, ndi katebulo kanga mu saluni ina pa boma la Dedza. Khirisimasi ikayandikira, kapena mwezi wa Febuluwale, atsikana amabwera ndi zithunzi pa foni. Wina amafuna timitima tonyezimira, wina mzere umodzi woyera kuti apongozi asadabwe, ndipo palibe amene amabisala kuseri kwa nkhokwe. Aliyense ndimamuuza kawiri kuti zikhala masabata angati, mpaka ena amatopa nane.

Ndilinso ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, ndipo ndimamuopera chilichonse. Mabotolo anga a penti ndimawatsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pa chitenje, poopa kuti angamwe. Sabata yatha amayi anabwera kudzationa, ndipo pochokera ku ntchito ndinawapeza pakhonde atatambasula dzanja, mwana uja atawerama ndi bolopeni yofiira, lilime lili kunja. Mawu okalipa anali atafika kale pakamwa. Ndinawameza, n'kugwada kuti ndione.

"Ukulemba chiyani pa chala cha agogo?"

"Mtima," anatero.

Unali wotupa mbali imodzi. Amayi anandiyang'ana pamwamba pa mutu wake, ndipo tonse awiri sitinamuuze.