Mwana wachitsulo kumsana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha siketi yong'ambika. Ndinali mu Giredi 10, chaka chimene kampani ya atate inatsekedwa, iwo n'kuyamba kuswera pakhomo ndi wailesi. Siketi yanga ya sukulu inakodwa pa chitseko cha minibasi, ndipo ndinaisoka ndekha ndi singano yamanja. Bamake Esnati, telala wa kuseri kwa msika wa komboni yathu ya Mtendere, anandiimitsa pa mpopi n'kutembenuza msokowo.

"Wasoka ndani apa?"

"Ndine."

"Ubwele mailo ukachoka ku sukulu."

Mawa lake ndinapita. Makina awo anali opondera: mutu wakuda wachitsulo wokhala pa tebulo, lamba wachikopa, ndi chopondera pansi. Ntchito yanga inali kukulunga ulusi pa bobini, kusoka mabatani, kusita ndi nsimbi ya makala, ndi kupukuta makinawo Loweruka. Popukuta ndinkachotsa lamba, kupendeketsa mutu kumbuyo, n'kudonthetsa mafuta m'timabowo. Anandiphunzitsanso kumasula tizomangira tiwiri ta pansi pa mahinjesi, kuti mutu uchoke ukafunika kupita kwa wokonza.

Chimene ndinkakonda kwambiri chinali kupita m'makomo ndi tepi kukayeza ana mayunifolomu. Apo m'pomwe ndinaona kuti Mtendere si mmodzi. Kwa eni nyumba, amene anali ndi zipinda za lendi kuseri, ankafuna diresi lokwana bwino lomwe, chifukwa chaka chamawa adzasoketsa lina. Kumene bambo ndi mayi onse ankagwira ntchito ankati ndisiye malo pang'ono. Koma m'chipinda chimodzi cha lendi, chogawidwa ndi nsalu pakati, mayi ankandigwira dzanja n'kunena, "Mpendelo ukhale ukulu, mwana wanga. Azavalanso mufana wake." Ndinafika poti ndikaona mpendero wa mwana mumsewu ndinkadziwa za kwawo. Zimenezi zinkandisowetsa mtendere. M'kalasi ndinkangoyang'ana masiketi a anzanga, kenako wanga.

Nyumba ya Bamake Esnati ndinkaiyika pakati. Amuna awo ankayendetsa lole, ndipo m'nyumba munali sofa, kabati yagalasi, wailesi yaikulu ndi bedi lachitsulo. Ndinkaganiza kuti banja lotere silingagwe. Amunawo anadwala miyezi ingapo, namwalira nyengo yozizira.

Abale a malemu anabwera ambiri. Katundu yense anamuunjika m'chipinda chogona kuti azimayi apeze pokhala, makinanso analowa komweko. Tsiku lotsatira kuika maliro ndinafika m'mawa n'kupeza galimoto yonyamula katundu itaima pageti. Alamu aakulu a Bamake Esnati, ba Sakala, anali atakhala pa benchi pafupi ndi geti pamodzi ndi azibambo ena. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: masana agawana katundu wa m'bale wawo. Makinawo anagula ndi malemu, choncho kwa iwo anali a malemu, ngakhale kuti sanawapondepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Bamake Esnati anali pa matiresi pabalaza, atazingidwa ndi azilamu awo aakazi. Namfedwa sadzuka, salankhula mokweza. Nditagwada kuwapatsa madzi, ananong'ona osandiyang'ana.

"Nelia, mutu chabe. Tebulo basiile."

Ndinadzuka. Azimayi ankalowa m'chipinda chogona kukasintha ana matewera, ndiye nanenso ndinalowa. Ndinachotsa lamba, kupendeketsa mutu, n'kumasula tizomangira tija ndi mpeni wa patebulo. Koma ndituluka nawo bwanji? M'ndowa ukanaonekera. Ndili chiimire, chitseko chinatseguka. Anali Bamake Juni, mayi wogulitsa tomato amene ankachita lendi kuseri kwa nyumbayo. Anayang'ana mutu, nayang'ana ine.

"Welama," anatero.

Ndinawerama. Anandiika chitsulocho kumsana, namanga ndi zitenje ziwiri, naveka gudumu la makina kachipewa ka mwana wawo, nafunditsa thaulo pamwamba. Chinali cholemera kuposa mwana aliyense amene ndinaberekapo, ndipo chinkandibaya pa msana pa phazi lililonse.

Pabalaza ndinadutsa maso ali pansi. Pageti ba Sakala anatambasula mwendo.

"Iwe kamtsikana, wabeleka mwana wa ndani? Si ndiwe wa pa makina iwe?"

Ndinaima. Ndinali ndisananamizepo munthu wamkulu chomuyang'ana. Bamake Juni anatulukira kumbuyo kwanga akukuwa.

"Ni wanga, ba Sakala! Ali na chikuku, namutuma ku kiliniki. Mufuna kumuona? Vundukulani, mupeleke na ku bana banu!"

Mwendo uja unabwerera msanga. Bambo wina analoza miyendo yanga n'kuseka.

"Thamanga iwe, wakukodzela kale!"

Anali mafuta a makina, akutsetsereka pa katumba. Sindinathamange, chifukwa sindikanatha. Ndinayenda pang'onopang'ono kudutsa msika, ndikugwedeza mwana wangayo monga amachitira amayi, mpaka kwathu. Atate anavundukula thaulo, naona chitsulocho. Kenako anasuntha chikwama chawo pansi pa bedi kuti apeze malo.

Masana galimoto inanyamula sofa, kabati, wailesi, bedi, mapoto aakulu, ndi tebulo la makina lili ndi dzenje pakati. Akuti ba Sakala anakalipa mpaka mawu kusasa, koma namfedwa anangoweramitsa mutu monga mwambo umanenera. M'nyumba munatsala matiresi, mbaula ndi ana atatu. Banja lija ndinkaliyika pakati linatsika m'tsiku limodzi kuposa a m'chipinda cha lendi.

Kwa masabata angapo funso linkandivuta: kodi ndinaba? Ndinafunsa amayi anga. Iwo anati, "Pita ukaone vamene bana ba Esnati badya lelo, ubwele unifunsenso."

Alendo atabalalika tinabweza mutuwo. Kalipentala anaukhazika pa thabwa, ndipo tinagula chopukusira chamanja pa msika. Ntchito inkayenda mochedwa, dzanja limodzi likupukusa, lina likuwongolera nsalu, koma inkayenda, ndipo ana aja sanasiye sukulu.

Kuyambira pamenepo ndikalowa m'nyumba ya munthu sindiwerenganso sofa ndi makabati. Ndimadzifunsa kuti galimoto itaima pageti, mayi wa m'nyumbamo angatsale ndi chiyani. Ndatsimikiza kuti ndikadzayamba kulandira malipiro enieni, choyamba kugula chidzakhala chida cha manja anga, chogula ine, chimene ndingathe kuchinyamula ndekha.

Chovala choyamba kusokedwa pa thabwa lija chinali siketi yanga ya sukulu. Nditaiyesa ndinapeza mpendero waukulu ngati chikhatho, ndipo ndinadandaula.

"Usiye," anatero Bamake Esnati, akuluma ulusi. "Ukali kukula."