Gitala ya Mtchona

Agogo aNangozo ndikawakumbukira, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wa chikopa, utsi wake wolemera uja umene unkalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale mu ufa, kenako ndimamva makoko a mtedza akusweka m'manja mwawo pakhonde, iwo akuimba motsitsa, milomo ili yotseka, nyimbo imene panalibe wina ku Chezi ankaidziwa. Tinkakhala awiriwiri m'nyumba ya kumapeto kwa mudzi, moyang'ana mapiri a ku Ntchisi. Amayi anamwalira ine ndili wamng'ono, abambo anabwerera kwawo n'kukakwatira kwina, ndipo mwana wotsala wa agogo, amalume Fulansi, anali mtchona. Anapita ku Halale, kalata osalemba ngakhale imodzi.

Anabwerako kamodzi kokha, ine ndili ndi zaka zinayi, ali ndi tsitsi lofika m'mapewa, thalauzi lotambalala kumapazi ndi gitala kumsana. Dzinja lonse ankakhala pakhonde kuimba nyimbo imodzi yomweyo ya azungu. Koma anali masiku a chipani chimodzi, tsitsi lalitali linali mlandu. Anyamata ena anawagwira pamsika n'kuwameta mpala anthu akuseka, ndipo sabata isanathe amalume ananyamuka, gitala n'kuisiya. Ine ndimakumbukira nsapato zawo zokha.

Gitalayo inkalendewera kudenga, yakuda bii ndi mwaye, nsambo imodzi itaduka. Loweruka lililonse agogo ankaitsitsa, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuibwezera. Ine kuikhudza kunali kuputa mkwiyo.

Tsiku lina, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, agogo anasiya kuswa mtedza n'kuyang'ana kumapiri nthawi yaitali.

"Lusiya, nkhope ya Fulansi ikundithawa," anatero. "Ndikatsinzina ndikuona mutu wometa basi, maso kulibe. Kanyimbo kaja kokha ndi kamene katsala. Tsitsa chinthu chija, uphunzire, undiimbire."

"Ine mtsikana, agogo? Anthu ati chiyani?"

"Gitala ili ndi maso oti idziwe kuti wavala diresi? Tatsitsa, iwe."

Amene akanandiphunzitsa anali amodzi okha, aphunzitsi a Kamwendo, otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Nditawaimbira monga ankaimbira agogo, anaseka mpaka kutsokomola. Anatseka chitseko, chifukwa nyimbo zotere masiku amenewo sizinali zolizira mudzi wonse, n'kuika chimbale pa galamafoni yawo ya mabatire. Ng'oma zinkagunda ngati akazi atatu pa mtondo umodzi, gitala yamagetsi ikukuwa, mzungu akufuula ngati wapsa. Nyimbo inali yomweyo ndithu, koma agogo ankaikoka pang'onopang'ono ngati ya pamaliro.

"Imeneyi amati roko," anatero aphunzitsi. "Agogo akowo aipha nyimboyi."

Anamanga waya wa buleki ya njinga m'malo mwa nsambo yoduka ija, n'kundionetsa kagwiridwe katatu ka zala. Kawiri koyamba ndinakagwira msanga. Kachitatu kanali kankhanza: chala chimodzi chimayenera kugona pa nsambo zonse n'kuzipanikiza, zinazo zikufunafuna malo awo. Ndikafika pamenepo ndinkadukiza, kuyang'ana zala, kenako n'kupitiriza.

"Usadukize!" ankakalipa aphunzitsi, akumenya tebulo ndi rula. "Nyimboyi siyembekeza munthu!"

Chilimwe chonse ndinalimbana nako. Ndikatunga madzi ndi kutsuka mbale ndinkakabisala m'chigafa chopanda fodya, gitala pamwendo, zala zitatuluka matuza. Anzanga anatopa kundiitana ku fulaye, anayamba kunditchula Lusiya Magitala, ndipo amayi awo ankati mwana wa kwa aNangozo watengera misala ya malume ake. Zinkandiwawa, ndisaname. Ndinali ndekha kusukulu, ndekha kuchitsime, mnzanga ali bokosi lonunkha utsi. Koma pofika mvula ya chizimalupsa, kudukiza kuja ndinali nditakugonjetsa.

Lamulungu lina masana, titabwera ku Misa, ndinakhala pakhonde n'kuiimba nyimbo yonse mwaliwiro, mosaphonya, monga pa chimbale. Nditamaliza ndinadzutsa mutu, mtima uli m'mwamba, kudikira misozi ya agogo. Agogo anali akuswabe mtedza.

"Waimba bwino, mwanawe. Koma ya Fulansi si imeneyo."

Ndinapsa mtima. Ine ndi wa pakamwa kuyambira kale, ndipo tsiku limenelo pakamwa panga panandipweteketsa.

"Ndi yomweyo! Aphunzitsi ali ndi chimbale chake! Inu ndi amene mumaimba zolakwika, zaka zonsezi!"

"Kapena," anayankha agogo. Ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Masiku atatu sanaimbe. Ankasesa, kuphika, kuswa mtedza, koma nyumba inali zii, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Ndinazindikira kuti munthu anatsala ndi kanyimbo kamodzi kokha ka mwana wake, ine n'kumuuza kuti nakonso n'kabodza.

Tsiku lachinayi ndinakhala m'chigafa muja n'kuyesa kuikumbuka nyimbo monga ankaiimbira iwo, ndikutsatira ndi zala. Ankayamba pang'onopang'ono, kukwera pang'ono, kenako pamalo ena ankangoti duu, manja omwe n'kuima pa mtedza, asanapitirize. Kale ndinkayesa akupuma mpweya. Koma zala zanga zitafika pamenepo, ndinaona kuti ndi pa kagwiridwe kachitatu kaja. Ndinabwereza kawiri, katatu, pali pomwepo. Amalume Fulansi nawonso pankawavuta. Agogo chimbale anali asanachimvepo. Anasunga nyimbo monga inatulukira m'manja mwa mwana wawo, ndi kupunthwa kwake komwe, ine n'kutha chilimwe chonse ndikufafaniza chinthu chimene iwo ankachidikira.

Ndinawapeza pakhonde. Sindinapepese. Ndinangokhala pansi n'kuyamba kuimba mokoka, ndipo nditafika pamalo paja ndinadukiza, ndinayang'ana zala, ndinazisuntha mochedwa ngati sindizidziwa.

Mtedza unasiya kulira.

"Eya," anatero agogo motsitsa. "Apa ankaweramira zala zake, lilime lili panja ngati mwana wa mbuzi." Anaseka, kenako anatsinzina. "Ndamuona, Lusiya. Maso ake ndawaona. Bwereza."

Ndinabwereza mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Kuyambira pamenepo ndinkawaimbira Lamulungu lililonse, ndipo kwa aphunzitsi a Kamwendo sindinapitekonso, chifukwa akanandimenya ndi rula ija.

Amalume sanabwere. Agogo anamwalira patatha zaka ziwiri, ndipo sitinadziwe kolembera uthenga wa maliro. Gitala ndili nayo mpaka lero, ndikaika mphuno pabowo lake utsi wa chikopa umamvekabe. Ana anga nyimboyi anaipeza pa foni, ndiye ndikamaimba amandiseka.

"Amayi, mukuchedwa! Pamenepo si poima!"

Ndimadziwa. Kagwiridwe kachitatu ndimakatha ngakhale nditatsinzina. Koma ndikafika pamalo paja ndimadukiza ndithu, n'kudikira mpaka agogo atamuona mwana wawo.