Tsiku Loika Amayi, Shapa Inandisiya

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, poti ndinangosinza chokhala, mutu uli pakhoma. M'nyumba munali fungo la utsi ndi la zovala zonyowa. Azimayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ena atagona chopingasa pamphasa. Pakati pathu panali bokosi la amayi anga. Panja amuna ankakhosomola mozungulira moto umene mvula yamawawa inali italimbana nawo usiku wonse.

Ndinene poyera: ena ankalira amayi okha, ine ndinkalira ziwiri. Ndinali m'chaka choyamba pasukulu ya ukachenjede ku Tete, ndipo fizika inali itandigwetsa. Mawa lake m'mawa kunali rekorensiya, mayeso obwereza amene amapatsa olephera mwayi womaliza. Ndikawaphonya, bolusa imene inkandilipirira sukulu ithera pomwepo, ndipo kwathu ku Lifidzi kunalibe wina woti n'kundilipirira. Malume anali atandilola kuti bokosi likangotsika, ndithire dothi ndithamangire kumsewu kukakwera shapa, minibasi yonyamula anthu. Shapa yomaliza ya ku Tete imadutsa dzuwa likangopendeka, ndipo ya m'mawa imakafika anthu atalemba kale.

Ndiye ndinafunda chitenje changa cha kapulana kumutu ngati wolira, n'kuyatsa telefoni m'kati. Mnzanga wa m'kalasi anali atanditumizira mafunso okonzekera amene aphunzitsi anapereka. Njerwa ikutsetsereka pathabwa lopendekeka, pezani liwiro lake. Katundu wapachikidwa pazingwe ziwiri, chingwe chilichonse chikukokedwa motani? Ndinawerenga, ndinabwereza, mutu gwa! Azakhali anaona kuwalako n'kundivundukula.

"Iwe, mai ako agona apa, ukucheza ndi amuna?"

Ndinabisa telefoni ija. Ndikanati ndi fizika, kwa iwo zikanaipa koposa. Manyazi anandigwira, koma ndinakwiyanso, pakuti amene anagona m'bokosiwo ndiwo ankandithamangitsa kudimba kuti ndikawerenge.

Kutayera, moto unayaka kuseri kwa nyumba. Azimayi ankafika ndi mitolo ya nkhuni zonyowa, ena malichero a ufa, ena kabichi ndi kachewere, utsi n'kumangokwawa pansi. Aliyense ankayamba kulira akafika pamtengo wa pichesi wa kumapeto kwa bwalo. A ku Domwe anabwera panjinga zamoto, matope mpaka m'mawondo. Abale a ku Dedza anaolokera pa Kalomwe ndipo anafika akunjenjemera ndi chisanu. Anthu anadzaza bwalo, anadzaza m'mizere ya chimanga, ndipo ine mtima unakhala pansi pang'ono. Onse ofunika anali atafika, panalibe womudikira.

Kenaka kunabwera mmodzi wa adzukulu, okumba manda aja, dothi lofiira mpaka m'tsitsi. Anagwada pafupi ndi malume n'kunong'ona. Nkhani ya pamaliro sichedwa kuyenda. Adzukulu anali atakumba kufika m'chiuno n'kupeza thanthwe, makasu akungotulutsa moto. Kunali kuyamba dzenje lina. Koma kwathu dzenje la manda salisiya lili kukamwa yasa, amati limaitana munthu wina. Amadula thunthu la nthochi, kuligoneka m'menemo, kukwirira bwinobwino, ndiye n'kuyamba kukumba latsopano.

Mwambo umenewu ndaudziwa kuyambira ndili mwana ndipo sindinaufunsepo. Tsiku limenelo ndinadana nawo. Ndinatuluka m'nyumba ya siwa, anthu akundiyang'ana, n'kukagwada kwa malume. Ndinawapempha kuti adzukulu ayambe latsopano, lakalelo akwirire pambuyo.

"Adzukulu salamulidwa, mwana wanga," anatero. "Ukufuna tiike awiri sabata ino?"

Ndinabwerera pamphasa. Mvula inakata, dzuwa linatuluka, ndipo ine ndinkangoyang'ana pakhomo mthunzi wa nkhokwe ukufupika. Anthu anadya. Akuluakulu analankhula, wina n'kubwereza zimene mnzake wanena kale, ngati kuti mawu akachuluka amayi adzuka. Akatekisiti anapemphera nthawi yaitali. Pamene uthenga unabwera kuti kumanda kwatheka, mthunzi uja unali utayamba kale kutuluka mbali inayo.

Tinanyamuka. Njira ya kumanda imakwera kaphiri, ndipo tsiku limenelo inali yoterera. Bokosi linkayenda paphewa ndi paphewa, amuna akulandirana, kwaya ikuimba patsogolo. Mayi wina wokalamba anagwa, anamudzutsa, anapitiriza nyimbo pomwe anailekeza. Tinadutsa pamulu wa dothi latsopano pomwe anaika nthochi paja. Ndinaulavulira mumtima.

Anayamba kutsitsa bokosi ndi zingwe ziwiri, amuna anayi atagwira kunsonga. Kumutu dothi linali logumuka, choncho awiri a kumeneko anaima patali ndi dzenje, chingwe chawo chitatambasuka. Ndinaona misempha itatupa m'manja mwawo, pamene a kumiyendo, amene anaima pafupi, ankangotsitsa mosavuta. Mulungu andikhululukire, funso lija linatseguka m'mutu mwanga nthawi yomweyo. Chingwe chikatambasuka chimakokedwa kwambiri, ngakhale katundu ali yemweyo. Zimene aphunzitsi analephera kundilowetsa chaka chonse ndinazimva pabokosi la amayi anga.

Bokosi lisanafike pansi, kumsewu kumusi kunalira hutala. Ndinamva wothandizira shapa akukuwa, "Tete! Tete!" Inaima pang'ono, inaliranso, kenaka phokoso lake linapita likuchepa. Apo ndiye ndinalira chokweza, kudzigwetsa m'matope. Azimayi anandigwira akuti mwanayu ankawakonda amake. Ankanena zoona, koma sanadziwe zonse. Ndinathira dothi langa popanda chothamangiranso.

Pobwerera ndinafunsa mmodzi wa a njinga zamoto ngati angandiperekeze. Analoza mitambo imene inkabweranso yakuda bii, n'kupukusa mutu. Anati ndi matope amenewo sangafike ngakhale ku Ulongwe.

Madzulo bwalo linali mbee. Panatsala phulusa, mafuwa ndi chimanga chopondedwa. Azakhali anakagona kukhitchini. Mnzanga uja anatumiza uthenga wofunsa ngati ndafika, ndipo ndinazimitsa telefoni osayankha. M'nyumba munatsala ine ndi bambo anga. Anakhala pampando atazolika, mvula ikuyambanso padenga. Ndinkadikira kuti mwina afunsa za mayeso. Kenaka anakweza mutu.

"Kodi mbewu ya nyemba, amako ankasunga pati? Mvulayi sidikira maliro."

Ndinkadziwa pamene inali. Ndinanyamuka kukaitenga.