Mkodzo Wobwereka

Inu ana a masiku ano mumabwereka malaya, njinga, ena mpaka nsapato zokafunsira mbeta. Ine ndinabwerekapo mkodzo. Sekani pano pomwe, chifukwa kutsogoloku kulibe choseketsa.

Kunali nkhondo yaikulu ija itangotha, asilikali akutsika sitima pa Salima ndi majombo olemera kuposa miyendo yawo. Ine ndinali pasukulu yamishoni, komwe ndinafika Sitandade 2 n'kuona kuti nzeru zandikwana. Bambo anali atapita ku Halale osabweranso, choncho pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine, ndi achimwene anga amene ankatidyetsa. Achimwenewo anali aatali, oseka mokweza. Akangotuluka mumzikiti m'mawa ankalowa m'dambo la kuseri kwa mudzi, pamene mtsinje umamwazikana m'bango usanathire m'nyanja. Ankatchera mono mmenemo, madzi m'chiuno, mpaka dzuwa pamutu. Nyengo ya utaka ikafika ankapalasa bwato la amalume kuchilumba cha Mbenji.

Tsono kwathu kunali chikhulupiriro ichi: mnyamata akayamba kukodza magazi, wakula. Akulu ankati mtsikana ali ndi zake za pamwezi, mnyamata nayenso ali ndi zake. Palibe ankati ndi matenda. Tinkachita nazo mpikisano kuseri kwa bango, kundanda pamchenga n'kumaona wofiiritsa ndani. Wanga unali mbee, ngati madzi a mvula. Ndinali ndi chifuwa kuyambira ukhanda, ndiye amayi sankandilola kuponda m'dambo. Anzanga ananditcha buthu, ngati kamtsikana kosatha msinkhu, ndipo dzinalo linandimatirira kuposa la ku jando.

Tsiku lina kunabwera adilesala, wazachipatala wa boma, panjinga, bokosi lathabwa kumbuyo. Anamanga msasa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu. Aphunzitsi anatigawira timabotolo n'kunena kuti mawa aliyense abwere ndi mkodzo wake. Kutukwanidwa kuseri kwa bango n'kwina, koma kunyamula botolo loyera pamaso pa sukulu yonse, atsikana akuona? Ndinalondola achimwene kudambo.

"Achimwene, mundigawireko."

"Chiyani, fodya? Wayamba liti?"

"Mkodzo."

Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. "Buthu iwe, udzandipha! Bweretsa botololo. Koma ubweze, wamva? Wangawu ndi wodula."

Unatuluka wakuda bii, ngati madzi otsukira chiwindi, ndi timagulu ta magazi tikuyandama. Ndinaona kuti analuma mano pothira, koma ndinayesa kuti ndi mmene amachitira amuna. M'mawa ndinalowa pamzere botolo lili m'mwamba ngati mbendera. Anzanga onse anandipatsa njira. Sindinayambe ndalemekezedwapo chotero, ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Adilesala anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Anadikira kuti mkodzo udikhe, n'kutapa dontho lapansi, kuliika pakagalasi, n'kulowetsa pansi pa chitsulo chonga mfuti yaifupi yoloza pansi. Ankachitcha maikulosikopu, ife tinkangoti diso la adilesala. Anasuzumira nthawi yaitali. Anadzutsa mutu, kundiyang'ana, kusuzumiranso. Ananditsegula zikope, kundisinja pamimba.

"Mwana iwe, ukuyenda bwanji ndi zimenezi? Sukumva kupweteka?"

"Ndine mwamuna," ndinatero.

"Chabwino, bambo. Pindani mkono."

Anatulutsa jakisoni m'madzi owira, singano yake ngati yosokera matumba a mpunga. Umuna wanga unathera pomwepo. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika: "Si wanga! Ndi wa achimwene! Ndangobwereka!"

Sukulu yonse inagwa ndi phwete. Adilesala okha sanaseke. Anandigwira khutu n'kunditsitsira diso pachitsulo chija. "Ona zimene wabwereka."

Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Kenako zinaonekera: tinthu tonga nthanga za nkhaka, kalikonse ndi kaminga kunsonga, tambirimbiri ngati mpunga wotayika pamphasa. Anati ndi mazira. Anadonthezapo madzi oyera n'kundiuza kuti ndidikire. Patapita kanthawi dzira limodzi linang'ambika, munatuluka kanthu kaubweya, kakuthamanga uku ndi uku ngati mwana wotayika pamsika.

"Kakufuna nkhono," anatero. "Tinkhono tija timamatirira pabango. Kakaipeza kamalowamo n'kuswana. Ana ake amatuluka dzuwa likatentha, ali ndi mchira wa mphanda, n'kumasambira kudikira mwendo wa munthu. Amaboola khungu. Mumati dambo limayabwa, si choncho? Ndi amenewo akulowa. Akakula amasanduka nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya pachikhodzodzo, yaimuna itafungatira yaikazi, n'kumaikira mazira usana ndi usiku. Minga imeneyo ndiyo imang'amba njira. Magazi mukunyadirawo ndi a bala, dzina lake likodzo. Kawaitane achimwene akowo."

Ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi kuti banja la nyongolotsi zimenezo ndi lokhulupirika kuposa mabanja ambiri amene ndawaona. Koma zimamanga nyumba yawo pogwetsa ya mwini malo.

Kuyambira tsikulo sukulu inandiona patali. Ndinkakhala pansi pa mango paja, ndikubweretsa madzi a paliponse m'zigoba za nkhono. Adilesala akamaliza odwala ankandilola kusuzumira. Madzi a m'dambo anali msika weniweni. Munali kena kokhala ndi timagudumu tiwiri pamutu, tikuzungulira kukokera chakudya kukamwa. Munali kena ka diso limodzi, koonekera mkati ngati botolo, mtima wake ukugunda poyera, ana ali kumsana ngati mayi wa kumtondo. M'dothi lonyowa la m'munda wa mpunga munali tinyongolotsi tonga ulusi, tikudzikwapula tokha. Ndinafunsa ngati zonsezi n'zotipha.

"Ayi. Zambiri sizikudziwa n'komwe kuti kuli munthu. Zina zimadya zoola kuti nthaka ikhale ndi chonde. Ka diso limodziko abale ake ali m'nyanja, ndiwo chakudya cha utaka. Popanda iwo amalume ako akanapita ku Mbenji kukawedza miyala."

Chimene chinandizunguza mutu ndi cha fumbi. Anandituma kukapala dothi pa kathamanda kouma kuseri kwa sukulu, long'ambikang'ambika, loti ngakhale chule sakanalifuna. Anaika pang'ono pagalasi n'kuthira dontho.

"Dikira. Usafulumire. Izi zimafuna munthu wodekha."

Ndinadikira mpaka khosi kuuma. Ndiye kambewu kena, kamene ndinkayesa mchenga, kanayamba kufufuma. Kanadziwongola ngati munthu wodzuka kutulo, kanatulutsa mutu, ndipo timagudumu tija tinayamba kuzungulira. Ndinalumpha n'kutchula dzina la Allah.

"Kanali kakufa!"

"Kanali kogona. Madzi akaphwa kamadzipinda n'kuuma, mphepo n'kumakaulutsa ndi fumbi. Kamatha kudikira mvula nthawi yaitali."

Achimwene anabwera kumsasako amayi atachita kuwakoka. Mankhwala a nthawi imeneyo sanali a mapilitsi ngati anuwa. Inali jakisoni ya mumtsempha, kubaya lero, mawa kupuma, mkuja kubayanso, mpaka mwezi kutha. Akabayidwa ankatsokomola, kusanza, mfundo zonse kuphwanya. Munthu wonyamula bwato ndi phewa limodzi ankalephera kukweza nkhafi. Ndipo m'mudzi munali kale mphekesera yoti singano ya adilesala imapha mbewu ya ubereki.

Amalume anabwera pakhomo atakwiya, ulendo wa ku Mbenji utayandikira.

"Mlongo wanga, mwanayu anali bwinobwino. Mwamutenga wamoyo n'kukamugulira matenda. Ine ndakodza magazi chichokereni ku jando. Ndafa? Akazi awiri, ana tayale!"

"Alongo anga, adilesala akuti mazira ake ndi ochuluka," anayankha amayi. "Akuti ena amakalamba nazo, koma ena zimawatseka impso."

"Adilesala ndi a kumtunda, madzi amawaonera m'kapu. Mwamuna wa kunyanja wosakodza magazi ndi uti? Kapena mukufuna onse akhale ngati buthu wanuyu?"

Sankanena mwankhanza amalume. Ankawakonda achimwene kuposa ana awo, ndipo khoka lawo ankati adzawasiyira iwowo. Ankangonena zimene anaziona moyo wawo wonse.

Ndinawatsata achimwene kugombe akumanga katundu.

"Achimwene, musapite. Ndaziona ndi maso angawa. Zili ndi minga."

"Zazikulu bwanji? Ngati usipa?"

"Sizioneka."

"Ha! Ine wolanda mlamba kukamwa kwa ng'ona, ndithawe chinthu chosaoneka? Ndikabwerako ndidzamaliza singano zakozo, Insha Allah. Uwauze adilesala andisungire."

Anandipsipsintha mphuno n'kukankha bwato. Pamene ankabwerera, pansi pa mango panali phulusa lokha. Adilesala anali atasamukira kwina ndi diso lawo, ndipo sindinawaonenso. Achimwene anabwerera kumono wawo m'dambo. Mphamvu zinabwerera, amalume n'kumati, "Mwaona? Inali singano ija."

Panapita zaka zingapo, ine ndevu zitayamba kumera. Ndinayamba kuona kuti achimwene akapita kuseri kwa nyumba amachedwa, ndipo pobwera maso ali ofiira. Kenako tinkawamva akubuula. Msana unayamba kuwawa. Mapazi anatupa, kenako nkhope, mpaka maso aja oseka anatsala timing'alu. Amalume anagulitsa khoka limodzi, kuyenda kwa asing'anga, kubweretsa matalasimu. Potsiriza ndi iwo omwe ananyamula kutsogolo kwa machira mpaka kuchipatala cha paboma. Kumeneko anatiuza kuti impso zatha, singano siingathandizenso. Tinabwerera nawo m'njira yomweyo.

Mkodzo unasiyiratu kutuluka. Ankagona nthawi zambiri, mpweya wawo ukununkha. Masana ena ndikuwakupiza ntchentche pakhonde, anatsegula maso n'kundiyang'anitsitsa.

"Buthu."

"Wawa, achimwene."

"Mkodzo wanga uja sunabweze. Ndikuufuna tsopano."

Anayesa kuseka. Ine ndinaseka nawo, chifukwa ndi zimene ankafuna, kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukaluma mkono. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Atagona tsiku limenelo sanadzukenso bwinobwino, ndipo m'mawa wina amayi anayamba kulira.

Kwathu maliro sagonera. Tinawasambitsa, kuwakulunga m'sanda, kuwanyamula pajeneza, dzuwa lisanapendeke tinali kumanda. Chinali chilimwe chenicheni, nthaka yolimba ngati mbiya, fumbi likutilowa m'mano. Titakwirira, ashehe anatenga birika la madzi monga mwa mwambo, n'kuthira pamtumbira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Dothi linamwa madziwo ndi kaphokoso, n'kuda.

Anthu atamaliza dua, pemphero lotsiriza, anayamba kubalalika. Ine ndinatsalira. Ndinanjuta pambali pa mtumbira, maso pa dothi lonyowalo. Sindinali mwana, musandiyese wopusa. Ndinkadziwa kuti munthu si kachilombo ka m'thamanda. Koma m'mutu mwanga munkangomveka mawu a adilesala, akuti dikira, usafulumire. Ndinkadziwanso kuti m'fumbi lomwelo, pamwamba pa achimwene anga, tinthu tina tikudziwongola, timagudumu tikuyamba kuzungulira, tikuyesa kuti mvula yabwera. Birika limodzi linadzutsa mudzi wonse wa tizilombo, n'kulephera munthu mmodzi.

Ndinadikirabe. Kunabwera nyerere kudzamwa. Dzuwa linayamba kuumitsa m'mbali, kuda kuja kukucheperachepera.

Ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga. Anali amalume, kofia ili m'manja. Ndinayesa kuti andikalipira, koma ananjuta pambali panga, mawondo akulira.

"Iwe," anatero patapita nthawi, osanditcha dzina lija. "Zija unaziona kwa adilesala. Zinali zamoyodi?"

"Zinali zamoyo, amalume."

"Zimayenda?"

"Zimathamanga."

Anagwedeza mutu. Tinakhala pomwepo awiriwiri mpaka mtumbira unauma n'kufanana ndi dothi lina lonse.